Mayi Wapampando, Auzeni a Itiyopiya

Warrabinda
9 Malichi 2014

Wokondedwa mwana wanga Bronwyn,

Uli bwanji kumeneko ku Aberdeen? Nanga mkamwini wanga Callum ndi kamdzukulu kanga Isla? Ife kuno tili bwino, kupatula bondo la bambo ako ndi khutu langa lija. Lamya ikalira sindiimvanso, ndipo bambo ako saigwira, amati oimba onse ndi ogulitsa zinthu. Choncho tibwerere ku makalata. Undilembere zonse, ngakhale za nyengo yanu yoipayo.

Nkhani yoyamba ndi yowawa. Bambo ako aang'ono a Clarrie agulitsa munda wawo wa kumtunda uja kwa anthu a ku Sydney. Mu Novembala akusamukira ku Queensland kwa mwana wawo Trevor. Ukudziwa kuti chiyambire chaka cha chilala chija, pomwe a Clarrie anakweza khoma la damu lawo, madzi n'kuleka kutsikira kuno, mapichesi odzala agogo ako n'kuuma, iwo ndi bambo ako sanapatsanepo ngakhale moni. Mtima wa a Clarrie ukuyendera mankhwala, bambo ako nawonso ulendo wautali sayendetsanso galimoto. Akasiyana asanalankhulane, adzakumana pa maliro, mmodzi ali m'bokosi. Ndikunena mosabisa, zimenezi zikundidya. Nditawauza bambo ako za kusamukako anangoti, "Damu asenza nalo?" n'kupitiriza kudya.

Nkhani yachiwiri mwina ikuseketsa. Mayi Valmai Prowse, aja ankakuphunzitsa mbiri ya mayiko, ayambitsa gulu la ife nkhalamba. Timakumana Lachinayi loyamba la mwezi m'chipinda cha kuseri kwa laibulale, kukambirana momwe mayiko akukhalirana. Ndinawakokera kumeneko bambo ako kuti aleke kutukwana wailesi. Titalowa tinapeza a Clarrie atakhala kale pafupi ndi ketulo. Bambo ako anafuna kubwerera, koma kutuluka kukanaoneka ngati kuthawa, ndiye anakhala pansi, nkhope ili ndwii.

Valmai sanasinthe, akutiyendetsa ngati ana a sukulu. Aliyense anapisa dzanja m'chipewa cha malemu amuna ake n'kutola dzina la dziko. Dziko limenelo ndi lako chaka chonse, ulikonde usalikonde, ndipo dzina lako lenileni limatsala pakhomo. Palibenso kulankhulana mwachindunji, zonse zimadzera kwa wapampando. Ukaphonya n'kumulankhula mnzako maso ndi maso, makapu onse a tiyi utsuka ndiwe. Pa msonkhano womaliza, mu Okutobala, amene akhala akukangana amasinthana mayiko, aliyense n'kulankhulira mdani wake.

Ine ndinatola Switzerland, ndipo ndakondwa, chifukwa ndilibe mbali. Dulcie Varcoe anatola Rasha, ndipo chiyambireni mbale ya masikono ikumangosunthira kumbali kwake. Tsopano tamvera izi. Bambo ako anatola Iguputo, a Clarrie anatola Itiyopiya, mayiko omwe akukanganirana damu pa mtsinje wa Nailo, wina kumunsi, wina kumtunda. Onse m'chipindamo anayang'anana, poti nkhani ya damu lathu palibe amene saidziwa m'tauni muno. Ena akuti Valmai anachita chinyengo. Ine ndinali pomwepo, ndinaona kuti chipewa chinasankha chokha.

Bambo ako anadzuka n'kuti, "Mayi wapampando, auzeni a Itiyopiya kuti akuba." A Clarrie nawo anati, "Mayi wapampando, auzeni a Iguputo kuti ndamva." Mwana wanga, zaka zonsezi awa ndi mawu oyamba ochoka kwa mmodzi n'kufika kwa mnzake. Anadzera mwa Valmai, koma anafika.

Ndine mayi ako,
Noeline

Warrabinda
6 Epulo 2014

Bronwyn,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino. Galu ali bwino.

Ndikufuna thandizo. Nyuzipepala za kuno sizikulemba zokwanira za vuto lathu. Yang'ana za kumeneko, chilichonse chonena za mtsinje wa Nailo udule unditumizire msanga.

Zinthu sizili bwino. A Itiyopiya akumanga damu kumtunda kwathu. Ife a ku Iguputo mvula tilibe, mtsinje umenewu ndiwo moyo wathu kuyambira nthawi ya Afarao. Lachinayi lapitali ndinawauza kuti madzi amene anthu akhala akumwa kuyambira kalekale sangatsekedwe ndi munthu chifukwa choti iye anabadwira pamwamba. Iwo anayankha kuti mvula imagwa pa mapiri awo. Ine ndinati mvula ilibe mwini. A Rasha anawomba m'manja, koma sindiwakhulupirira, maso awo anali pa sikono yanga. Mayi ako ndi Switzerland ndipo sakundithandiza kanthu. Ngakhale kunyumba kuno akuti alibe mbali.

Ndikukonzekera kuwaopseza. Nkhondo sindiifuna, koma anthu anga sangafe ndi ludzu ine ndikuyang'ana.

Bambo ako,
Mervyn Tregear

Aberdeen
2 Meyi 2014

Okondedwa amayi,

Muli bwanji? Ife tili bwino, Isla wayamba kumera dzino lachitatu. Koma amayi, bwanji mwakhala chete chonchi? Chiyambire Khirisimasi sindinalandire kalata yanu ngakhale imodzi. Ndaimba lamya kangapo, ikungolira.

Ndalandira kalata ya ababa. Amayi, mukundibisira chiyani? Ababa akuti ndi a ku Iguputo. Akunena za Afarao, za anthu awo amene akufa ndi ludzu, akuti a Rasha akufuna kuwalanda sikono. Inuyo akuti ndinu Switzerland. Munthu amene sanapitepo patali kuposa ku Melbourne. Callum anayamba ndi kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Agogo ake anayamba chomwechi, ankati ndi woyendetsa sitima ya pamadzi.

Chonde apititseni kwa dokotala sabata yomwe ino. Makiyi a galimoto muwabise, a thirakitala omwe. Akamati ndi Farao musatsutsane nawo, akuti zimangowakwiyitsa. Muzingovomera.

Pali china chomwe ndachita, musandikalipire. Trevor anandiuza kuti bambo ake akusamuka. Ndiye ndawalembera bambo aang'ono. Zochititsa manyazi za Afaraozi sindinazitchule, ndangowauza kuti mutu wa ababa wayamba kusokonezeka, mwina sakudzidziwanso bwino kuti ndi ndani, ndipo ngati pali choti akonze akonze msanga. Sindikudziwa ngati ndalakwa. Ndili kutali, ndipo ndikuona ngati ababa akundichoka ndisanawatsanzike.

Ndiyankheni msanga, ngakhale mizere iwiri.

Mwana wanu,
Bronwyn

Kumtunda, Warrabinda
8 Juni 2014

Wokondedwa Bronwyn mwana wanga,

Moni kwa iwe, amuna ako ndi mwana. Ine ndilipo, ndikulongedza pang'onopang'ono. Munthu sudziwa kuti uli ndi mabotolo angati opanda kanthu mpaka tsiku losamuka. Ukapeza mpata unditumizire chithunzi cha mwanayo, sindinamuonepo.

Kalata yako inandikhazika pansi. Ndinaiwerenga nditaima pa geti, ndinakaimalizira pa chitsa. Poyamba ndinakana, koma ndakhala ndikuwayang'anitsitsa achimwene ku gulu la a Valmai kuja, ndipo ukunena zoona. Mwezi watha anabwera atavala masokosi osiyana. Shuga anathira, n'kuthiranso. Akamalankhula amamenya tebulo, mitsempha ili tolotolo m'khosi, ngati kuti ku Iguputoko ali ndi munda wawo. Ena amaseka, inenso ndinkaseka chamumtima. Tsopano ndazindikira kuti sakusewera.

Monga ukudziwa, ine ndine Itiyopiya. Lachinayi lapitali achimwene anaima n'kunena kuti tikapanda kuleka kumanga, atumiza ndege. Ndinawayang'ana, tsitsi lonse mbuu, mtima wanga n'kusweka. Ndinati, "Mayi wapampando, auzeni a Iguputo kuti damu tiligumula. Madzi onse atenge, asavutike." Bronwyn, anangoti kukamwa yasa. Anayang'ana a Valmai, n'kuyang'ana khoma, kenako anatola chipewa chawo n'kutuluka, tiyi osamaliza. Ndikuganiza kuti sanamvetse zomwe ndinanena.

Alamu anga sindinawafunse kanthu. Ndikuona kuti akubisa, akumaseka ngati palibe vuto. Ndi mayi wolimba mtima ameneyu. Ndayamba kuwasiyira nkhuni pa geti m'mawa uliwonse wa Loweruka, poti kwazizira ndipo nkhwangwa siyenera kukhala m'manja mwa munthu wodwala chonchi.

Zaka zonsezi ndinkati nthawi ilipo, tsiku lina ayamba ndi iwo, poti ndi aakulu. Tsopano ndikuopa kupita pakhomo pawo. Kale ndinkaopa kuti andithamangitsa. Lero ndikuopa kuti andilandira bwino n'kundifunsa kuti, "Kodi bambo, mwachokera kuti?" Kundithamangitsa kukanakhala bwino.

Bambo ako aang'ono,
Clarrie

Warrabinda
22 Juni 2014

Bronwyn mwana wanga,

Moni nonse. Dzino la Isla ndalimva, umupsompsonere. Koma iwe, wandipweteka nthiti. Ndaseka mpaka galu anatuluka m'nyumba.

Kalata yomwe ndinakulembera mu Malichi yabwerera sabata yatha itadindidwadindidwa. Ndinalemba adiresi ya nyumba yanu yakale ija. Ndaiikanso muno, uyambe kuwerenga imeneyo usanaitane madokotala ena. Yakoyo nayo yakhala mwezi wathunthu m'thumba la jekete la bambo ako. Anapita ku positi kukafuna zodula za m'nyuzipepala zonena za Nailo, ataona kuti envelopu ndi yopyapyala ndiponso ndi ya ine, anangoipinda n'kuiiwala. Bambo ako sakudwala. Masokosi osiyana anayamba kuvala tisanakwatirane.

Tsopano ndamvetsa zomwe zinachitika pa msonkhano wapitawu. A Clarrie atangoti damu aligumula, bambo ako anatuluka. Ndinawapeza m'galimoto akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Njira yonse anali kukalipa. "Dziko limangopereka mtsinje ngati likupereka machesi? Ine ndawerenga mabuku mwezi wathunthu, iye n'kungoti tengani? Akundiyesa mwana?" Ndinati, "Si zimene mumafuna kodi?" Anati, "Ndimafuna kumugonjetsa, osati kupatsidwa." Valmai nayenso wakana, akuti palibe dziko lingachite zimenezo, Itiyopiya abwerere pa damu pake.

Za nkhuni ndiye usanene. Loweruka lililonse tikumapeza mulu pa geti, zowaza bwino. Bambo ako anazizungulira, manja kumbuyo, n'kuti, "Izi ndi ndale. Pali chomwe akufuna." Azisanja pazokha kuseri kwa shedi ndipo aletsa kusonkha ngakhale chikuni chimodzi mpaka cholinga chake chidziwike. Ife tikuzizidwa m'nyumba, nkhuni zili phwii panja.

Tsopano ndikupempha chinthu, ndipo ndikudziwa kuti si chokongola. Usawalembere a Clarrie kuwauza zoona. Ndikudziwa akuvutika mumtima, ndimawaona momwe amawayang'anira achimwene awo, ndipo zimandiwawa. Koma zaka zonsezi sanafikepo pa geti lathu, lero akufika sabata iliyonse. Kuchoka pa geti kufika pakhomo si patali. Akamva kuti bambo ako ali bwinobwino, abwerera kumtunda ndi manyazi, ndipo Novembala afika tili chomwechi. Bambo akonso sindiwauza. Akadziwa kuti akumveredwa chisoni, nkhuni zija akaziponya m'damu.

Ukanena kuti mayi wa Switzerland wayamba kulowerera, ndikana.

Mayi ako,
Noeline

Aberdeen
15 Julaye 2014

Amayi,

Moni. Tili bwino, kupatula kuti ndikusowa poika nkhope. Callum akumandipatsa moni m'mawa uliwonse kuti, "Wadzuka bwanji mwana wa Farao?" Kalata ya bambo aang'ono inafika yanu isanafike. Nditawerenga kuti iwonso ndi Itiyopiya, ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza kuti matendawa ndi a m'magazi, ndipo tsiku lina ine ndidzadzuka ndili Japani.

Zomwe mwapemphazo sindikugwirizana nazo. Kalata ya bambo aang'ono inandiliza, munthu uja akulira maliro a m'bale wake wamoyo. Ndikhala chete mpaka msonkhano wa mu Okutobala. Ukadutsa asanalankhulane, ndiwalembera ndekha n'kupepesa. Zodula za ababa ndatumiza. Mundiuze zonse zomwe zikuchitika.

Bronwyn

Warrabinda
14 Sepitembala 2014

Bronwyn,

Moni. Zodula zinafika, ngakhale mochedwa. Mwana akule bwino. Galu ali bwino.

Tsopano ndikufuna za Itiyopiya. Mwezi wa mawa tikusinthana mayiko. Munthu wa kumtunda uja walephera kulankhulira dziko lake. Miyezi itatu tsopano ndikamuopseza amangoti, "A Iguputo akunena zoona." Tsiku lina anandikankhira mpando kuti ndikhale. Wafooka. Ndikufuna ndimuonetse momwe dziko lakelo akanalilankhulira munthu wodziwa.

Ndawerenga ndithu. Anthu ambiri kumeneko alibe magetsi. Njala yawo ija tinkaiona pa kanema iwe uli wamng'ono, unapereka ndalama zako za maswiti. Mtsinje umayambira kwawo, amauona ukudutsa, n'kumauzidwa kuti asaukhudze chifukwa wina kumunsi anayamba kale kumwa. Mfundo zilipo. Sindikuti ndi zoona, ndikuti zilipo.

Kuti ndione momwe damu limaonekera kwa mwini wake, ndinakwera mpaka ku waya wa m'malire. Ndinali ndisanafikeko chiyambire chilala. Khoma lake ndi lalifupi kuposa momwe ndinkaganizira. Ukaima pamenepo umaona windo la chipinda chomwe ankagona malemu Beryl, mkazi wake, ndi mizere ya maapulo ija kutsogolo kwake. Yayamba maluwa. Ndinaimapo kanthawi. Linandiimitsa ndi bondo.

Nkhuni zikubwerabe. Cholinga sichinadziwike.

Bambo ako,
Mervyn Tregear

Warrabinda
5 Okutobala 2014

Wokondedwa Bronwyn,

Muli bwanji nonse? Ife tili bwino. Kalata yopepesa ija usalembe, khala pansi ndikuuze. Lachinayi ndinaika batire latsopano m'kachipangizo ka m'khutu, choncho palibe chomwe chinandidutsa.

Chipinda chinadzaza, ena oti sanabwerepo chaka chonse anabwera, poti m'tauni muno nkhani imayenda. Bambo ako anavala tayi. Valmai analiza kabelu kake n'kuti Iguputo ndi Itiyopiya asinthane mipando. Anadutsana osayang'anana. Oyamba kulankhula anali bambo ako, tsopano ali Itiyopiya.

Anayamba ndi za m'mabuku, magetsi, njala, mapangano akale omwe anasainidwa eni mtsinje palibe. Analankhula bwino moti Dulcie anasiya kutafuna. A Clarrie ankangogwedeza mutu mwachisoni, monga umachitira mwana akamalakatula ndakatulo. Kenako bambo ako anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba.

Anati, "Mayi wapampando, auzeni a Iguputo kuti munthu wa kumtunda satseka madzi chifukwa chodana ndi wa kumunsi. Kumtunda kunali mayi wodwala, bedi lake analikokera pawindo. Pawindopo ankaona maapulo omwe anadzala ndi manja ake chaka chomwe anakwatiwa. Mwamuna wake sanafune kuti mayiyo aione mitengoyo ikuuma iye asanapite. Ndiye anabwereka thirakitala ya aneba athu a Pappas, ija yotuluka utsi wakuda, yoti polizira umachita kuimenya ndi sipanala, n'kukweza khoma. A Iguputo ankazidziwa zonsezi. Auzeni kuti akanakhala iwo akanachita chimodzimodzi, mwinanso akanakweza kuposa pamenepo."

Valmai anatsegula pakamwa kuti anene kuti zimenezi sizili pa mutu wa lero, koma anangovula magalasi n'kumawapukuta. Ine misozi inali itayamba kale. Zaka zonsezi ndagona pafupi ndi munthu ameneyu, sanatchulepo windo limenelo.

A Clarrie anadzuka pang'onopang'ono atagwira tebulo. Sanayang'ane kwa wapampando.

"Achimwene, thirakitala ya a Pappas mukuikumbukira?"

"Ndingaiiwale bwanji? Sipanalayo inali yanga, mpaka lero sunabweze."

"Ndiye kuti mutu wanu uli bwinobwino?"

"Mutu wanga? Wadwala mutu ndiwe, wopereka Nailo yense ngati ukupereka machesi."

"Bronwyn anandilembera kuti simukudzidziwanso."

"Ndiye nkhuni zija zinali za wodwala?"

"Zinali za inu, achimwene."

Apa Valmai analiza kabelu. "Itiyopiya ndi Iguputo alankhulana mwachindunji. Makapu. Nonse awiri." Bambo ako anati woyamba ndi Clarrie. Valmai anati lamulo silifunsa woyamba. Dulcie anakankhira mbale ya masikono pakati pa tebulo, koyamba chaka chino.

Ndinawatsatira mpaka pakhomo la kakhitchini ka laibulale kaja, nsalu yopukutira ili m'manja kuti ndioneke ngati ndili ndi chifukwa. Ukukumbukira sinki yake, mabeseni awiri, mpope umodzi wotembenuza. A Clarrie anaima kotsukira, bambo ako kotsukuluza, mapewa akugundana poti malo ndi ochepa.

Kenako a Clarrie anati, "Mapichesi a ababa aja. Ndikanatsika kudzakuuzani ndisanakweze khoma. Ndinkaopa kuti mukana."

Bambo ako anati, "Ndikanakana." Anakweza kapu n'kuiyang'ana kowala. "Iyi bwereza, ili ndi milomo ya Dulcie."

A Clarrie anabwereza, akuseka, mphuno ikutuluka madzi. Mpope unali kumbali kwawo nthawi yonseyi, ndipo bambo ako anali ndi mulu wa makapu a thovu. Anati, "Iwe Clarrie, madzi kuno sakufika." A Clarrie anautembenuzira mpope kwa achimwene awo, n'kuutsegula wonse. Madzi anathovokera pa tayi ija mpaka m'nsapato. Anayamba kukangana za amene walakwa, ndipo anakangana mpaka woyang'anira laibulale anabwera ndi makiyi. Dzulo a Clarrie anadya kuno. Anakangana ndi bambo ako za mpira, za mtengo womwe agulitsira munda, ndi za galu wina amene anafa iwe usanabadwe. Phokoso limeneli ndinalisowa, mwana wanga, ndipo kachipangizo kanga sindinakazimitse.

Bambo ako akuti ndisiye malo pansipa.

Mayi ako,
Noeline

Bronwyn, ndamva kuti unandilengeza kuti ndapenga. Tidzakambirana ukadzabwera. Makiyi a thirakitala ali m'thumba mwanga. Nkhuni zija tasonkha, ndi zabwino, koma amawaza zazikulu kwambiri, ndamuuza. Mwezi wa mawa ndikumuperekeza ku Queensland pa sitima. Ulendo ndi wautali, ndipo mbali ya Iguputo sanailankhulebe, ndikufuna ndiimve. Valmai wavomera kuti chaka cha mawa adzamutolera dziko m'chipewa, azidzatumiza mawu ake pa kalata. Ndamupempha kuti lidzakhale lochita malire ndi langa. Akuti chipewa sichimvera munthu. Ndamuuza kuti ayesetse.

M. T.